Hot spot ikusamuka mukangopanganso mapu? Yambani mwayang'ana gridi

Anzanga amene mumaika milandu pa mapu, kaya mumagwira ku polisi, kaya ku yunivesite, kaya mwangodawuniloda deta ya mzinda wina kuti muone komwe anthu akuberedwa kwambiri, vuto ili ndikhulupirira lakupezanipo. Mwapanga mapu lero, timabokosi tofiira tosonyeza ma hot spot, malo amene milandu yachuluka, taoneka apa ndi apo, mawa mnzanu watenga fayilo yomweyo, milandu yomweyo, miyezi yomweyo, wapanga ake nde tofiira tija tasamuka, tina tasoweratu. Mumayamba kukangana kuti walakwitsa ndani, chonsecho deta ndi imodzi, chasiyana ndi gridi basi, mizere ija yodula mapu m'timabokosi.

Ineyo zinandichitikira ndi mphambano ina imene aliyense wogwira ntchito dera limenelo ankaidziwa kuti madzulo anthu amatsomphoredwa mafoni pamenepo, koma pa mapu anga sinatuluke n'komwe pa malo oyambirira. Ndinayamba kukayikira deta, ndinaitsuka kawiri, ndinafufuza madeti, palibe. Nditakulitsa chithunzi pa sikirini mpamene ndinaona kuti mizere iwiri ya gridi yanga yadutsana pakati penipeni pa mphambanoyo, milandu ya malo amodzi yagawikana m'timabokosi tinayi, kalikonse kakuoneka ngati kamalo wamba. Tiyerekeze inali milandu 12, ndiye kuti kabokosi kalikonse katenga 3, pomwe kwina kumene kuli milandu 6 yokha koma yonse yagwera m'kabokosi kamodzi kwafiira kuti psuu. Ndinangosuntha gridi yonse theka la kabokosi, mphambano ija inakwera mpaka pamwamba. Mlandu sunawonjezekepo ngakhale umodzi.

Chinthuchi chili ndi dzina, amati MAUP, modifiable areal unit problem. Anachitchukitsa ndi Stan Openshaw, katswiri wa geography wa ku Britain. Mu 1979 iye ndi Peter Taylor anatenga ma county 99 a ku Iowa n'kumawaphatikiza m'magulu osiyanasiyana, ndipo anaonetsa kuti ndi manambala omwewo ukhoza kupeza ubale wamphamvu wa pakati pa zinthu ziwiri wolowera uku kapena wolowera kosiyana, kungosintha mmene wadulira malire. Vutoli lili pawiri, pali kukula kwa zigawo ndiye pali pamene malire adutsa. Anthu ambiri amakumbukira loyamba lokha, lachiwirili ndi limene linandigwira ine.

Mizere yadula malo amodzi

Funso loti mudzifunse n'lakuti gridi yanu inayambira pati. Mukagwiritsa ntchito Create grid mu QGIS kapena Create Fishnet mu ArcGIS n'kuuza pulogalamu kuti itenge extent ya layer ya milandu, kutanthauza malire a dera lonse limene madontho a milandu akuta, ngodya yoyambira imachokera ku milandu imene ili kumalekezero kwenikweni. Tanthauzo lake n'lakuti mlandu umodzi wakutali ukalowa mwezi uno, kapena ukachotsedwa, gridi yonse yasuntha, mizere yonse yagwera pena. Nde mukafanizira mapu a January ndi a February mumaona ngati akuba asamuka, chikhalirecho chasamuka ndi mizere yanu. Izi ndimaziona pafupipafupi ndipo zimandipweteka chifukwa kukonza kwake n'kosavuta: pangani gridi kamodzi, ngodya yoyambira muilembe nokha ndi manambala ozungulira bwino, muisunge ngati fayilo yakeyake, kabokosi kalikonse kakhale ndi nambala yake yosasintha, mwezi uliwonse muziwerengera milandu m'gridi yomweyo.

Koma kusunga gridi imodzi kumangothetsa kusamuka kwa mwezi ndi mwezi, mphambano yodulidwa ija izikhalabe yodulidwa mwezi uliwonse. Ndiye pamafunika kuyesa posuntha. Ine ndimachita chonchi, ngati timabokosi ndi ta mamita 150, ndimapanga gridi yachiwiri yosunthidwa mamita 75 kum'mawa, yachitatu mamita 75 kumpoto, yachinayi mbali zonse ziwiri. Ngati mumadziwa R, st_make_grid ya mu sf ili ndi offset, mukhoza kupanga magridi 20 kapena 50 osunthidwa mwachisawawa osatopa. Pa gridi iliyonse tengani timabokosi ta pamwamba, chiwerengero chofanana, kenako sanjikizani zonse n'kuwerenga kuti malo aliwonse atuluka kangati. Malo amene akutuluka pafupifupi nthawi zonse amenewo ndi enieni, mukhoza kuwaimira pamaso pa aliyense. Amene atuluka kamodzi kapena kawiri mwa 20 ndimawaika pambali, sindiwafufuta ayi, koma sindingauze munthu kuti atumize galimoto kumeneko.

Kanthu kena kakang'ono pomwepa, mlandu ukagwera ndendende pa mzere, njira zina zowerengera zimauika m'timabokosi tonse tiwiri, zina zimausiya osauwerenga. Mukamaliza kuwerenga phatikizani manambala a timabokosi tonse muone ngati akufanana ndi milandu imene munayamba nayo. Zimatenga mphindi imodzi.

Kabokosi kakule bwanji

Ili nde funso limene aliyense amafunsa, ndipo nambala imodzi yoyenera paliponse kulibe, koma zizindikiro zoti mwalakwitsa zilipo. Timabokosi tikakula kwambiri, tinene kilomita imodzi mbali zonse, mapu amakhazikika bwino, sasinthasintha, koma chimene akukuuzani n'chakuti pakati pa tauni pamachitika milandu yambiri, zimene aliyense akudziwa kale. Choipa kwambiri n'chakuti kabokosi kameneko kamapaka utoto wofiira misewu makumi angapo chifukwa cha msewu umodzi. Kafukufuku wa Lawrence Sherman, Patrick Gartin ndi Michael Buerger wa mu 1989 ku Minneapolis anapeza kuti theka la mafoni onse oitana apolisi linkachokera pa malo pafupifupi 3 pa 100 aliwonse. David Weisburd ndi anzake ku Seattle anayang'ana zaka 14, kuyambira 1989 mpaka 2002, n'kupeza kuti theka la milandu linkachitika m'tizidutswa ta misewu 4 kapena 5 pa 100 tilitonse. Ndiye milandu imaunjikana pa timalo ting'onoting'ono, ngakhale m'dera lotchuka ndi umbanda misewu yambiri imakhala yabata, ndipo kabokosi kakakulu kamabisa zimenezo n'kuipitsa mbiri ya anthu onse okhala mmenemo.

Mukachepetsa kwambiri vuto limatembenuka. Mzinda wa makilomita 10 mbali zonse mukaudula ndi timabokosi ta mamita 100 mupeza timabokosi 10,000, mukatsitsa kufika mamita 50 tikhala 40,000, chifukwa kuchepetsa mbali ndi theka kumachulukitsa timabokosi kanayi. Tsopano ngati muli ndi milandu 1,000 yokha m'timabokosi 10,000, ngakhale itamwazikana bwanji, timabokosi tosachepera 9,000 tikhala ndi ziro. Munthu amadzuka n'kulemba kuti taonani milandu yonse ili pa 10 peresenti ya mzinda, koma zimenezo zikanachitika ngakhale mukanangowaza madontho mutatsinzina. Wim Bernasco ndi Wouter Steenbeek analemba za vuto lomweli mu 2017, la kuyeza kuunjikana pamene malo achuluka kuposa milandu. Mukafika pamenepo kabokosi ka milandu 2 kamaoneka ngati hot spot ndipo sabata yamawa kazimiririka.

Nde chimene ndimachita n'kuyamba ndi funso lakuti mapuwa akupita kwa ndani ndipo akachita nawo chiyani. Ngati ndi apolisi oyenda pansi, kabokosi kakhale koti munthu ataima pakati akhoza kuona kapena kuyenda konse m'mphindi zochepa. PredPol, pulogalamu imene apolisi a ku Los Angeles ankagwiritsa ntchito mpaka 2020, inkajambula mabokosi a mafiti 500 mbali zonse, omwe ndi mamita pafupifupi 150. Sikuti nambala imeneyo ndi lamulo, koma ikukupatsani chithunzi cha kukula kumene anthu amagwiritsa pa ntchito ya patrol. Ndikasankha, ndimayesanso theka lake ndi kawiri kake, ndione zimene zikutsala. Milandu ikakhala yochepa ndi bwino kutalikitsa nthawi, kutenga chaka m'malo mwa mwezi, kusiyana n'kukulitsa kabokosi mpaka kataye tanthauzo.

Timabokosi sitikufanana ngakhale pa sikirini tikuoneka tofanana

Apa nde ambiri amagwa osadziwa. Deta ya milandu nthawi zambiri imabwera ndi latitude ndi longitude, zimene pulogalamu imazitchula EPSG:4326, ndiye munthu amapanga gridi momwemo n'kulemba 0.001 ngati kukula kwa kabokosi. Imeneyo ndi digiri, si mita. Kuchoka kumpoto kupita kummwera 0.001 ndi mamita pafupifupi 111 paliponse, koma kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo zimatengera pamene muli, pa equator ndi 111 yomweyo, pa latitude 60 ngati ku Oslo kapena Helsinki ndi mamita pafupifupi 56 okha. Kabokosi kanu kasanduka kowonda kotalika.

Ena amathawira ku EPSG:3857, Web Mercator ija ya mapu a pa intaneti, poti imalemba mamita. Mamita ake ndi otanuka, pa latitude 60 kabokosi kolembedwa kuti mamita 100 pansi penipeni ndi mamita 50, kukula kwake ndi gawo limodzi mwa anayi a chimene mukuganiza. Sinthani layer ipite ku UTM zone ya mzinda wanuwo kapena projection ya dziko limenelo, njira zojambulira mapu zimene mamita ake amafanana ndi a pansi penipeni, musanapange gridi, ndipo muisinthe zenizeni ndi Reproject, osati kungoiuza kuti iwe tsopano ndiwe UTM, chifukwa kutero madontho onse amathawira kwina.

Kabokosi kamodzi kali ndi milandu yochuluka modabwitsa

Musanasangalale dinani pamenepo muone madonthowo. Kawirikawiri mupeza milandu mazana itakhala pa dontho limodzi lenileni, ndipo dontholo lili pa siteshoni ya polisi, pa chipatala, kapena pakati pa mzinda pamene palibe chilichonse. Zimachitika chifukwa wolemba lipoti analemba malo amene mlandu unanenedwa m'malo mwa pamene unachitikira, kapena geocoder, pulogalamu yosandutsa adiresi kukhala dontho pa mapu, italephera kupeza adiresi inangoponya dontho pakati pa dera lonse. Sanjani deta potengera ma coordinate, muwerenge amene abwerezedwa kwambiri, 10 oyambirirawo muwayang'ane amodziamodzi ndi maso. Onaninso kuti ndi milandu ingati imene sinapeze malo n'komwe. Jerry Ratcliffe mu 2004 ananena kuti pafunika osachepera 85 peresenti ipeze malo kuti mapu akhale odalirika, ndipo ngakhale mwadutsa pamenepo funsani kuti yotsalayo ndi ya kuti, chifukwa nthawi zambiri yolephera imachokera madera amodzimodzi, amene maadiresi ake ndi osalongosoka, nde madera amenewo amaoneka abata pa mapu pomwe sali choncho.

Deta ya anthu onse ija nayo imasunthidwa mwadala pofuna kuteteza okhudzidwa. Ku England ndi Wales, police.uk imakokera mlandu uliwonse pa dontho lapafupi lochokera pa mndandanda wokonzedwa kale, ndipo dontho lililonse limaimira maadiresi osachepera 8 kapena malo opanda adiresi n'komwe. Mzinda wa Chicago umaonetsa block yokha osati nambala ya nyumba. Pa deta yotere gridi ya mamita 25 ilibe ntchito, mukujambula madontho a anthu osunga chinsinsi, osati pamene munthu anaberedwa. Kabokosi kasachepe kuposa kulondola kwa deta yanu.

Mzinda wonse wafiira, kunja konse kwazizira

Ngati mukugwiritsa ntchito Getis-Ord Gi*, njira ya masamu yopezera ma hot spot imene Arthur Getis ndi Keith Ord anaitulutsa mu 1992, dziwani kuti imafanizira kabokosi ndi oyandikana nako ku avereji ya dera lonse limene mwaipatsa. Gridi yanu ikakhala rectangle yaikulu yokuta nyanja, nkhalango, minda ndi bwalo la ndege, timabokosi masauzande ta ziro timakokera avereji pansi, ndiye paliponse pokhala anthu pamaoneka potentha. Dulani gridi itsale pamene mlandu wa mtundu umenewo ungathe kuchitika. Ngati ndi kuthyola nyumba, timabokosi topanda nyumba tichoke, ngati ndi kuba magalimoto patsale tokhala ndi misewu kapena poimika magalimoto. Koma musachotse kabokosi chifukwa choti kali ndi ziro basi, msewu wa nyumba zambiri umene sunathyoledwepo ndi uthenga wofunika, umenewo utsale.

Timabokosi ta m'malire timene tadulidwa pakati muzitiyang'anira, kena katsala kachidutswa kakang'ono nde mukagawa milandu ndi kukula kwake nambala imalumpha. Komanso milandu ya tsidya lina la malire simukuiona, hot spot imene yakhala pa malire a madera awiri a polisi imaoneka theka uku theka uko. Ngati n'kotheka pemphani deta ya mamita mazana angapo kupitirira malire anu.

Ndipo ndi timabokosi 10,000, mukamayesa kalikonse pa p ya 0.05, kutanthauza kulola mwayi wa 5 pa 100 woti katuluke popanda chifukwa chenicheni, timabokosi pafupifupi 500 tikhoza kutuluka mwangozi chabe. Mu ArcGIS muli bokosi la False Discovery Rate lochepetsa totuluka mwangozi totere, lichongeni. Mapu achepa kufiira, bwana mwina sakondwa, koma zotsalazo n'zimene mungaziteteze.

Nanga ma hexagon

Amathandiza, koma pa chinthu chimodzi. Kabokosi ka ngodya zinayi kali ndi oyandikana nako 8, anayi a m'mbali ndi anayi a m'ngodya, ndipo a m'ngodyawo ali patali nthawi 1.41 kuposa a m'mbali, ndiye mumayenera kusankha kuti muwawerenge kapena ayi, ndipo kusankha kumeneko kumasintha zotsatira za Gi*. Hexagon, kabokosi ka mbali 6, ili ndi oyandikana nayo 6 onse pa mtunda wofanana, mkanganowo watha. H3, gridi ya ma hexagon ya kampani ya Uber, ndi yabwinonso chifukwa gridi yake ndi yokhazikika dziko lonse, aliyense akanena resolution 9 akunena timabokosi tomwetomweto ta pafupifupi 0.1 sikweya kilomita, nde vuto la ngodya yoyambira yosinthasintha lija silibwera. Koma hexagon nayo ili ndi mizere, ndipo mzere ukhoza kudula mphambano yanu chimodzimodzi. Ndamvapo anthu akunena kuti tinasamukira ku hexagon nde MAUP tathana nayo, ayi ndithu, yesani posuntha muone nokha.

Palinso nkhani ya kumene gridi yaloza. Misewu ya ku Manhattan inapendekeka madigiri pafupifupi 29 kuchoka kumpoto kwenikweni, gridi yoloza kumpoto imaidula mopingasa, msewu umodzi wovuta umangokhudza ngodya za timabokosi tambirimbiri osadzaza ngakhale kamodzi. Mu 2017 bungwe la National Institute of Justice ku America linachititsa mpikisano wolosera malo a milandu ndi deta ya ku Portland, Oregon, ndipo George Mohler ndi Michael Porter, amene anachita bwino pa mpikisanowo, anagwiritsa ntchito timabokosi totha kutembenuzidwa kuti tigone motsatira misewu. Izi zikusonyeza kuti mawonekedwe a gridi pawokha amakweza kapena kutsitsa mapointi.

Ndiye samalani wina akakuonetsani PAI yaikulu. PAI, prediction accuracy index, imene Spencer Chainey, Lisa Tompson ndi Sebastian Uhlig anaitulutsa mu 2008, ndi peresenti ya milandu imene yagwera m'ma hot spot kugawa ndi peresenti ya malo amene ma hot spot atenga, mwachitsanzo milandu 20 peresenti pa malo 2 peresenti ndi PAI ya 10. Nambalayi imakonda kukwera mukachepetsa malo osankhidwa, imakweranso mukaphatikiza nyanja ndi nkhalango m'dera lowerengera. Njira ziwiri zifaniziridwe pa dera limodzi, kukula kwa malo osankhidwa kofanana, komanso pa milandu ya miyezi yotsatira imene sinagwiritsidwe popanga mapuwo.

KDE sikuti yakupulumutsani

Ena amati ine sindigwiritsa gridi, ndimapanga heatmap, mapu a utoto wosalala aja opangidwa ndi KDE, kernel density estimation. Heatmap nayo ili ndi gridi pansi pake, kungoti kumeneko kukula kwa kabokosi kumasintha kusalala kwa chithunzi kwambiri kuposa zotsatira zake. Chimene chimalamulira ndi bandwidth, mtunda umene mlandu uliwonse umafalitsira utoto wake, QGIS imaitchula radius. Mukaika mamita 500 ma hot spot atatu oyandikana amasungunuka kukhala chibanthu chimodzi chachikulu, ndipo pakati pake pofiira kwambiri pakhoza kugwera pamalo pamene sipanachitikepo mlandu uliwonse, pakati pa mtsinje kapena pa njanji. Musasiye nambala imene pulogalamu yakuikirani yokha, yesani zitatu, ndipo mitundu ya utoto muigawe mofanana pa mapu onse amene mukufanizira, apo ayi mwezi wabata uoneka wofiira ngati mwezi woipa.

Chifukwa chimene ndimalimbikira zonsezi n'chakuti kabokosi kofiira sikathera pa sikirini. Kumeneko kumapita galimoto ya polisi, anthu amaimitsidwa, amasechedwa, ndipo apolisi akachuluka pamalo milandu yolembedwa pamenepo imachulukanso, makamaka ija imene amaipeza okha akamayendera, nde mwezi wamawa kabokosi komweko kafiiranso kwambiri. Ngati kanafiira poyamba chifukwa cha pamene mzere unagwera, anthu okhala mmenemo akuvutikira ngodya imene pulogalamu inasankha yokha, pomwe mphambano yeniyeni ija palibe akuiyang'ana. N'chifukwa chake pa ntchito yotere ndimakonda milandu yonenedwa ndi anthu okhudzidwa, ngati kuthyola nyumba ndi kulanda, kuposa yochokera ku ma patrol.

Malo aja amene apirira kusunthidwa konse ndimawatsitsa kuchoka pa gridi kupita pa misewu yeniyeni. Ndimadula misewu pa mphambano iliyonse, kachidutswa kochoka pa mphambano ina kufika pa inzake n'kukhala gawo limodzi, mphambano zokha ndimaziwerengera padera kuti milandu ya pangodya isagawikanenso, kenako mlandu uliwonse ndimaukokera ku kachidutswa kapafupi. Tizidutswa timasiyana kutalika, ndiye kuwerenga pa mamita 100 aliwonse kumathandiza. Pansi pa mapu ndimalemba kukula kwa kabokosi, projection, ngodya yoyambira, miyezi ya deta, milandu ingati inalephera kupeza malo, ndi kuti gridi ndinaisuntha kangati, kuti mnzanga akafuna kupanganso apeze zomwezo. Zikatha izi ndimatenga mndandandawo kwa anthu amene amayenda m'misewu imeneyo tsiku ndi tsiku n'kuwafunsa kuti ndi malo ati amene mukuwadziwa koma pano palibe, ndipo aliwonse amene atchula ndimabwerera nawo pa kompyuta kukaona ngati mzere wina wadutsa pamenepo.